Pakhomo Pangalowe M'malo mwa Sukulu? Zimene Lupembe Inaona M'chisanu cha 2020

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malawi zinatsekedwa. Pulezidenti Peter Mutharika anali atalengeza masiku atatu m'mbuyomo kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19, pamene n'kuti m'dziko muno musanapezeke wodwala ndi mmodzi yemwe. Ana a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 anabwerera m'kalasi pa 7 Sepitembala, ena onse anadikira mpaka pa 12 Okutobala. Pakati pa masiku amenewa panadutsa nyengo yonse yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ana ali pakhomo m'mawa, masana ndi usiku womwe.

Kumaiko ena kuli makolo amene amachita kusankha okha kusatumiza mwana kusukulu, n'kumamuphunzitsa m'nyumba. Ku America lamulo limalola zimenezi m'zigawo zonse 50. Ku South Africa lamulo la sukulu la 1996 limalola, bola kholo likamulembetse mwanayo kuboma. Ku Germany n'koletsedwa, ndipo kholo loumirira limalipitsidwa chindapusa. Kwathu kuno nkhani yotere imamveka ngati ya anthu a m'mipanda ya ku Area 43, amene ali ndi intaneti ndi wantchito wophika. Koma chaka chimenecho mayi wogulitsa usipa ku Lupembe anapezeka ali pamalo amodzimodzi ndi mayi wa ku Texas, kusiyana kwake kunali kwakuti wa ku Lupembeyo sanafunsidwe. Kuchokera pamenepo pali maganizo awiri amene sanagwirizanebe. Ena akuti miyezi imeneyo inaonetsa kuti pakhomo pali maphunziro amene sukulu inatilanda. Ena akuti inaonetsa poyera chifukwa chake sukulu inakhazikitsidwa.

Tiyambe taona malowo. Lupembe ili m'mbali mwa msewu wa M1, kumwera kwa tauni ya Karonga, nyanja kum'mawa, mapiri kumadzulo. Munthu wa ku Mzuzu kapena ku Dedza akamva wa ku Karonga akudandaula za kuzizira amangoseka, poti uku n'kuchigwa kumene thukuta limayamba dzuwa lisanakwere. Komabe Juni ndi Julayi ali ndi khalidwe lawo. Mwera umaomba kuchokera kumwera masiku angapo otsatizana, nyanja n'kukalipa, asodzi n'kukokera mabwato kumtunda. M'mamawa mphepoyo imalowa m'mafupa a mwana amene wagona pamphasa ndi chitenje chokha. Dzuwa limafulumira kulowa, 6 koloko imakwana mdima utagwa kale. Ndi nyengo yokolola ndi yogulitsa: chimanga chalowa m'nyumba, mpunga wa Kilombero ukumwetedwa ndi kupunthidwa m'madambo ndi m'masikimu a Wovwe ndi Hara, mavenda ali pamsewu ndi ndowa zawo. Ndi nyengonso imene anthu amakhala ndi kandalama m'thumba, ya maukwati, ya mapenenga, ya kuumba njerwa.

Amene amayamikira kuphunzira pakhomo amayambira pomwepa. Amati nyengo yabwino kwambiri yophunzitsa mwana moyo ndi yomwe kalendala ya sukulu inaikamo teremu yachitatu. Chaka chilichonse bambo amapuntha mpunga mwana ali m'kalasi akuloweza mayina a mitsinje ya kutali. Mu 2020 mwanayo anali pambali pake. Anaona kuti thumba limodzi limalowa ndowa zingati, anamva venda akutchula mtengo wa ndowa yodzaza mpaka kusefukira, anaona bambo ake akukana. Amenewo ndi masamu, ndipo ndi masamu amene ukalakwitsa umagona ndi njala mu Febuluwale. Mnyamata amene anatsata amalume ake kudooko la Ngara anaphunzira chifukwa chake usipa umaphedwa usiku wa mdima ndi nyali, osati mwezi ukuwala, anaphunziranso kuyang'ana mitambo ndi mafunde kuti adziwe tsiku losayenera kulowa m'madzi. Mtsikana anaphunzira kuviika chinangwa masiku oyenera kuti kondowole asawawe ndiponso asaledzeretse. Wina wodyetsa ng'ombe anadziwa kuzindikira yodwala poiona mayendedwe. Usiku, poti mdima umagwa msanga ndipo moto umakoma, agogo anapeza omvera nthano ndi ndagi zawo, amene zaka zonse amakhala atatopa kapena akulimbana ndi homuweki.

Mfundo yawo yamphamvu kwambiri siili pa kukoma kwa pakhomo ayi, ili pa kufooka kwa sukulu. Pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinathamange liwiro limenelo, ndipo mpaka lero sizinawapeze anawo. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi oyambirira a sukulu zambiri za kumudzi kupeza ana opitirira 100 si zachilendo. Kafukufuku wa MICS amene ofesi yoona za chiwerengero inachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, okwana 19 okha pa 100 aliwonse ndi amene ankatha kuwerenga nkhani yaifupi n'kuimvetsa, ndipo pa masamu oyambira anali 13 okha. Ambiri mwa ana amenewa anali pasukulu. Ndiye wokonda pakhomo amafunsa kuti: mwana wa Sitandade 2 wokhala pa simenti yozizira m'mawa wa mu Julayi, kumbuyo kwa anzake 100, akubwereza mawu amene sakuwamva, akuphunzira chiyani chimene mayi ake sangamuphunzitse pakhonde m'mphindi 20? Amawonjezanso kuti kumpoto kuno makolo odziwa kuwerenga ndi ambiri kusiyana ndi zigawo zina. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti kumpoto anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga anali pafupifupi 79 pa 100 aliwonse, pamene dziko lonse linali pa 69. Mbewu imene Robert Laws ndi anzake anadzala ku Khondowe kuyambira 1894 inamera ndithu. Ngati pali dera m'Malawi limene kholo lingaphunzitse mwana zilembo, akutero iwo, ndi lino.

Ine mfundo imeneyi sindiipeputsa. Munthu amene analowapo m'kalasi ya Sitandade 1 mwezi wa Sepitembala, ana akupanikizana mpaka pakhomo, sangaime pagulu n'kunena kuti sukulu ili bwino.

Koma tiyeni tilione tsiku lomwelo la mu Juni 2020 titaima pamene panaima mayi. Wadzuka kusanache kupita kudooko kapena kumunda wa mpunga, poti ganyu yomweta sidikira. Bambo ali kunyanja, kapena apita ku Songwe ndi katundu, kapena ali ku Joni ndipo chipata cha dzikolo chatsekedwa, ndalama sizikubwera. Kuphunzitsa mwana pakhomo kumene timakumva ku America kumaima pa chinthu chimodzi chimene olimbikitsa ake satchula kawirikawiri: m'nyumbamo mumakhala munthu wamkulu mmodzi, nthawi zambiri mkazi, amene wasiya ntchito ya malipiro chifukwa mnzake akupeza zokwanira banja lonse. Ku Lupembe munthu woteroyo kulibe, ndipo m'nyengo yokolola ndi pamene amasoweratu. Amene anatsala ndi ana anali agogo, kapena mtsikana wamkulu wa m'nyumbamo.

Mtsikana ameneyu ndi amene ndikufuna tikhale naye kanthawi, chifukwa mtsutso wonsewu ukudutsa pamsana pake. Tinene kuti ali ndi zaka 14, ali Sitandade 7. Sukulu ikakhala yotsegula, maola asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku amakhala akeake. Palibe amene angamutume kumjigo, kuchigayo kapena kukatola nkhuni, chifukwa yunifolomu imamuyankhira. Sukulu itatsekedwa maola amenewo anabwerera kubanja, ndipo banja linawagwiritsa ntchito, osati mwa nkhanza koma poti ntchito inalipo. Anasesa, anatunga madzi, anabereka mwana, anapembedza moto, anayanika mpunga ndi kuingitsa nkhuku, anapita pamsewu ndi beseni la zitumbuwa. Mchimwene wake naye anagwira ntchito, koma ng'ombe zikalowa m'khola iye waweruka, angathe kupita kumpira. Ntchito ya mlongo wake imatha mbale yomaliza ikatsukidwa, mdima utagwa. Akati atsegule kope, mawu amamveka kuchokera kuchipinda: "Iwe, zimitsa tochiyo, mabatire ndi odula." Olimbikitsa pakhomo akamati ana anaphunzira moyo, akunena zoona, koma moyo umene mtsikanayu anaphunzira ankaudziwa kale kuyambira ali ndi zaka 8. Chimene sankadziwa ndi mafulakishoni, ndipo m'nyumbamo munalibe womuuza.

Boma linayesa. Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa maphunziro a pulayimale pa wailesi ya MBC, ndipo a sekondale unawaikira zowerenga pa intaneti. Koma kalembera yemweyo wa 2018 anapeza kuti nyumba imodzi yokha mwa zitatu zilizonse inali ndi wailesi, ndipo magetsi a ESCOM anali m'nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, zambiri mwa izo za m'tauni. Kumene wailesi inalipo inali ya bambo, ndipo Juni 2020 sunali mwezi woti bambo n'kuibwereketsa mwana: dziko linali pa kampeni ya chisankho chobwereza cha pa 23 Juni. Apa pali chinthu chimene makolo ambiri sanachimvetse mpaka lero. Khoti lalikulu linaimitsa chiletso cha kuyenda cha masiku 21 chimene boma linkafuna kuyamba mu Epulo, misika inatsegulabe, misonkhano ya ndale inadzaza mabwalo, koma sukulu zinakhala zotseka. Mwana amene ankatetezedwa ku kalasi ankapezeka pamsonkhano wa chipani akuthamangira galimoto ya zimkuzamawu. Sindikunena kuti matendawa anali nthabwala. Anthu a dera lino anataya phungu wawo, a Cornelius Mwalwanda a Karonga Central, mu Julayi chaka chomwecho. Ndikungoti mawu akuti "ana ali pakhomo" sanatanthauze kuti ana anali pakhomo.

Zotsatira zake boma lenilenilo linaziwerenga. Kafukufuku wachangu amene linachita anapeza atsikana oposa 40,000 amene anatenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'dziko lonse m'miyezi yoyambirira ya kutsekedwako. Izi zinachitika lamulo la maukwati la 2015 lilipo, ndipo malamulo aakulu a dziko atasinthidwa mu 2017 kuti munthu asakwatiwe asanakwane zaka 18. Lamulo linalipo, chimene chinasowa ndi kaundula wa m'kalasi. Mtsikana akajomba masiku atatu sukulu ili yotsegula, mphunzitsi amafunsa anzake, amayi a m'gulu la Mother Group amapita kukagogoda, nkhani imafika kwa amfumu. Sukulu ikatsekedwa palibe amene amajomba, ndiye palibenso amene amafunsidwa. Kuno kumene ukwati umayenda ndi malowolo, ndipo nyengo yokolola ndi imene anyamata a kunyanja ndi a mpunga amakhala ndi ndalama, miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri inali yaitali kwambiri.

Pali umboni wina umene kwa ine umalemera kuposa ziwerengero. Makolo amene anali ndi kangachepe sanakhale pansi kuti aphunzitse ana awo okha. Anafunafuna mphunzitsi amene anali pakhomo, kapena mnyamata amene analemba Fomu 4, namupatsa ndalama pamwezi kuti asonkhanitse ana pansi pa mtengo wa mango kapena m'tchalitchi. Anaitcha patitaimu. Kunena kwina, anthu atalandidwa sukulu anamanga ina, yaing'ono, yolipira. Amene analibe ndalama ana awo anatsala. Fizi imene inachotsedwa mu 1994 inabwerera mwakachetechete, ndipo mu Okutobala mphunzitsi wa Sitandade 3 analandira kalasi imene theka linali patsogolo, theka lina litaiwala ngakhale zimene linkadziwa mu Malichi.

Apa wokonda pakhomo angayankhe kuti zimenezi si chilungamo. Mu 2020 palibe amene anakonzekera, chakudza sichiimba ng'oma. Kholo losankha lokha limagula mabuku, limakonza ndondomeko, limadziwa chimene likuchita. N'zoona, ndipo ndikuvomereza kuti banja la aphunzitsi awiri opuma ntchito, kapena la m'busa wokhala ndi shelefu ya mabuku ndi sola padenga, likhoza kuphunzitsa mwana bwino kuposa kalasi ya ana 100. Mabanja otere ku Lupembe alipo, koma angawerengedwe ndi zala. Ndipo ngakhale iwo amakafika pa khoma limodzi: njira yopita ku sekondale ya boma imadutsa pa mayeso a PSLCE a bungwe la MANEB, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza. Mfundo imene ingathandize mabanja khumi n'kusiya mazanamazana siingakhale yankho la dera.

Komabe pali malo amodzi pamene ndikuona kuti pakhomo pamapambana sukulu kutalitali, ndipo otsutsa safuna kupayang'ana. Ndi pa chilankhulo. Mwana wa ku Lupembe amabadwira m'Chitumbuka, ena m'Kyangonde. Kale, m'sukulu za mishoni ya Livingstonia, ankayamba kuwerenga m'Chitumbuka. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zilankhulo za dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Lamulo la 2013 linapita patsogolo n'kunena kuti chilankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi. Ndondomeko yophunzitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 ili ndi mabuku a Chichewa ndi Chingerezi. Ndiye kamwana ka zaka 6 kamakumana ndi ntchito ziwiri tsiku limodzi: kuphunzira kuti chilembo chili ndi liwu, ndi kuphunzira liwulo m'mawu amene kwawo sawalankhula. Mnzake wa ku Dowa ali ndi ntchito imodzi yokha. Ndikulemba izi m'Chichewa ndipo ndimachikonda, koma sindingabise kuti kwa mwana ameneyu ndi chilankhulo chachiwiri. Aphunzitsi ambiri a kumeneku amadziwa zimenezi ndipo amafotokozera m'Chitumbuka mwakabisira, buku lili m'Chichewa, mayeso akudikira m'Chingerezi.

Pakhomo vuto limeneli kulibe. Agogo amene anaphunzira kuwerenga ndi Baibulo la Chitumbuka ndi buku la nyimbo la ku CCAP akhoza kukhazika mdzukulu pamwendo, kumulozera chilembo ndi chala, mwanayo n'kumva mawu amene amawadziwa kale akutuluka papepala. Mwana akangotulukira chinsinsi chimenecho m'chilankhulo chake, kuchisamutsira ku Chichewa n'kosavuta, poti zilembo zake ndi zofanana ndipo mawu ambiri ndi apachibale. Ana ena amene anabwerera mu Okutobala akuwerenga bwino kuposa kale anadutsa njira imeneyi, osati ya wailesi. Wailesi za m'deralo monga Tuntufye FM ya dayosizi ya Karonga ndi Radio Dinosaur zimalankhula kale ndi anthu m'zilankhulo zawo tsiku ndi tsiku. Phunziro la kuwerenga la mphindi 15 madzulo, m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde, lolunjika kwa kholo osati kwa mwana, lingachite zambiri kuposa pulogalamu yokonzedwa ku Blantyre yoti imveke mofanana kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa.

Ndiye ndikaika zonsezi pamodzi, ine ndili kumbali ya sukulu, ndipo chifukwa changa chachikulu si mabuku kapena aphunzitsi. Ndi maola aja a mtsikana wa Sitandade 7, amene palibe malo ena m'mudzi amene amamutetezera. Koma funso loti pakhomo kapena kusukulu limabisa chinthu chimene aliyense wa ku Lupembe amachiona: mwana wa Sitandade 1 kapena 2 amaweruka dzuwa lili pamutu. Masana onse, madzulo onse, Loweruka, Lamulungu ndi tchuthi chonse chachitali cha mu Ogasiti amakhala pakhomo, kaya kuli mliri kaya kulibe. Ndipo kutsekedwa kwa sukulu sikunayambe ndi Covid-19 kapena kuthera pomwepo. Zivomerezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa ndi kung'amba zipinda zophunzirira m'boma la Karonga. North Rukuru ndi mitsinje ina ikasefukira, anthu othawa madzi amakagona m'makalasi. Mu Januwale 2021 sukulu zinatsekedwanso, ndipo zitati zitsegulidwe aphunzitsi ananyanyala ntchito pofuna ndalama za chiopsezo. Tsiku lina ana adzakhalanso pakhomo, ndipo chimene chidzasiyanitse nyumba ina ndi inzake ndi chakuti muli chowerenga kapena mulibe.

Mu 2020, m'sukulu zambiri, mabuku anatsala m'makatoni mu ofesi ya ahedi, chitseko chokhoma, miyezi yonseyo. Ahedi ali ndi chifukwa chawo, ndipo si chopusa: mabuku ndi ochepa, akatuluka amabwera atang'ambika, ena amathera pamsika akukulungira mandasi, ndipo akadzabwera alangizi a zamaphunziro kudzawerenga, wofunsidwa ndi iwowo. Koma buku la Sitandade 2 limene lakhala m'katoni kuyambira Malichi mpaka Okutobala nalonso lawonongeka, chiswe chalilawa, ndipo mwana amene linalembedwera wakula osaliona. Komiti ya sukulu ndi amayi a Mother Group amadziwa nyumba iliyonse ndi mwini wake. Kaundula wa m'kope wamba, dzina la kholo ndi nambala ya buku, kholo n'kusainira pamaso pa amfumu monga linkasainira makuponi a feteleza, ndi wokwanira kuti buku ligone kumudzi Lachisanu n'kubwerera Lolemba. Ena adzatayika ndithu. Unduna ndi umene uyenera kunena poyera kuti ndi angati pa 100 amene angatayike pachaka popanda ahedi kuitanidwa ku ofesi ya maphunziro ku Karonga kukayankha mlandu, chifukwa popanda mawu amenewo palibe mphunzitsi wamkulu amene adzatsegule katoniyo.